Buku la Alendo ku Turffontein

Buku la alendo ndimasunga ndine.
Limagona m'kabati limodzi ndi timatambula ta mgonero.
Tchalitchi chathu chili pamwamba pa shopu ya matayala,
pokwera masitepe mumayamba mwanunkhiza labala
musanamve nyimbo.

Lamulungu lina mu Juni, chisanu chikuluma makutu,
kunabwera bambo wa jekete yopyapyala,
nsapato zitayera ndi fumbi la migodi yakale.
Anayenda wapansi kuchokera ku Booysens,
ndinadziwira kapumidwe kake pa sitepe yomaliza.
Ndinati takulandirani, maso ali pa maenvulopu.

Anakhala mzere wachitatu, pafupi ndi hitala.
Ndinapita kukamunong'oneza:
apa ndi pa mayi Nachisale, hitalayi anagula ndi iwo.
Anadzuka mopepesa ngati waponda mbewu za eni,
nakakhala kukhomo kolowera mphepo.

Mayi Nachisale tsiku limenelo sanabwere.

Alendo aimirire!
Anaimirira yekha, mitu yonse cheu.
Dzina? Fanuwelo Kamtedza.
Kumudzi? Ku Bilira.
Mukugwira kuti?
Apa chimkuzamawu chinalira tswii, iye nangoseka,
ife tinaomba m'manja mwa alendo,
katatu, monga mwa mwambo, osapitirira.

Ndinamupatsa khadi: adiresi, foni, ntchito.
Cholembera chinaima m'malere nthawi yaitali.
Ku Joni kuno munthu amene masiku anamuthera m'pasipoti
salemba pamene amagona.
Ndikudziwa ine, ndinakhala zaka zitatu osalemba.
Koma ndinali nditaiwala.

Chopereka chinadutsa.
Ndalama zamapepala zimagwa mwaulemu,
zake zinalira m'mbale, ana nkutembenuka.
Kenako mlembi anawerenga maina a olonjeza za denga,
uje mazana asanu, uje chikwi,
aliyense ndi nthungululu zake.

Potuluka panali tiyi ndi masikono.
A ku Nkhata Bay bwalo lawo, a ku Mzimba lawo,
a ku Thyolo akukambirana za dalaivala wonyamula katundu
amene wasowa ndi furiji ya munthu pa Beitbridge.
Bwalo lililonse linali la misana.
Iye anafumbata kapu mpaka tiyi anazizira,
naitsuka yekha pampopi.

Lolemba ndinaimba nambala ija.
Anayankha mayi wina m'Chizulu, sakumudziwa.

Pamsonkhano wa komiti funso linabwera:
bwanji alendo sabweranso?
Mkulu wina anati Joni imameza anthu.
Wina anati tigule masipika atsopano.
Abusa anati mbewu zina zimagwa pathanthwe.
Ine buku lili pamwendo, ndikuwerenga chamumtima:
maina makumi asanu ndi limodzi chiyambire Januwale,
obwerera anayi.
Thanthwelo, ndinadzifunsa, ndi iwo kapena ife?
Sindinayankhule. Tinagula masipika.

Mu Seputembala ndinamupeza ku Rosettenville,
atavala chibibi chachikasu, akulondera magalimoto.
Anayamba ndi iye: amayi a kutchalitchi!
Ndinati tinakusowani, bodza likundiwotcha lilime.
Bwanji simunabwerenso, bambo... bambo...
Kamtedza, anandithandiza.

Anayang'ana galimoto imene inkabwerera chafutambuyo,
naikodola ndi dzanja, bwera, bwera, basi.
Ndiye anati, wosakwiya konse:
dzulo lake la tsiku lija anaika mwana wanga kumudzi.
Maliro ndinaonera pafoni, mpaka mayunitsi anatha
bokosi lisanatsike.
Ndinangofuna kukhala pamene anthu akuimba chinenero changa,
mwina wina nkundifunsa kuti kunyumba kuli bwanji.

Mwini galimoto anamuponyera marandi awiri.

Usiku ndinatsegula buku lija.
Muli mzere wa dzina, wa mudzi, wa foni, wa ntchito.
Ndinafunafuna polemba dzina la mwanayo.
Ndipo ngakhale pakanapezeka,
sindinamufunse.